Ndege Ikamanjenjemera Ponyamuka: Mafunso ndi Mayankho

Kuno kwa Nchilamwela, kumene minda ya tiyi yakuta zitunda ndi zigwa za Thyolo, ndege si chinthu chachilendo monga angaganizire anthu a m'tauni. Pakuti agogo athu ambiri anaikwera kale m'masiku a Wenela, pamene amuna ankanyamukira pa Chileka kunka ku Francistown paulendo wa kumigodi ya ku Joni, ndipo lero ana awo ndi zidzukulu zawo amadzera msewu wa ku Bvumbwe ndi ku Limbe kukakwera pa bwalo lomwelo, ena kukagwira ntchito, ena kukaphunzira, ena kukaoda katundu, ena kukafuna thandizo la mankhwala. Koma pobwerako, akakhala pansi kusimba za ulendo, pali chinthu chimodzi chimene achikulire ndi achinyamata omwe amachitchula ndi mawu otsika, ndicho kunjenjemera kwa ndege pa nthawi yonyamuka, pamene mipando igwedera, mosungira katundu mulira gwedegwede, ndipo mtima wa munthu uthamangira kwa Mlengi wake. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Chotero tasonkhanitsa mafunso amene amamveka pakati pathu, kuti tiwayankhe mofatsa.

Kodi ndege ikamanjenjemera ponyamuka, ndiye kuti yawonongeka?

Iyayi, kawirikawiri sikutero. Tiyambe talingalira kukula kwa ntchito imene ichitika m'kanthawi kochepako. Ndege ya mtundu wa Boeing 737-800, ikadzaza anthu, katundu ndi mafuta, ikhoza kulemera mpaka matani 79. Ndipo chinthu cholemera chotero, chimene chinali chiimire, chiyenera kuthamanga kufikira liwiro la makilomita pafupifupi 270 pa ola mphindi imodzi isanathe, kuti mapiko ake apeze mphepo yokwanira kuchinyamula. Palibe nthawi ina paulendo wonse pamene injini, matayala ndi mapiko zisenza ntchito yolemetsa zonse pamodzi monga pamenepa, ndipo chilichonse mwa zitatuzi chili ndi kunjenjemera kwake, kumene amisiri opanga ndege anakudziwa, nakuyesa, nakuvomereza ndegeyo isananyamule munthu ndi mmodzi yemwe. Komabe sitidzanamiza owerenga athu kuti kunjenjemera konse n'kwabwino, pakuti kulipo kwina kumene kuli chizindikiro cha choipa, ndipo tikufotokozerani patsogolopa.

Nanga kunthunthumira kumene kumayamba ndege isanathamange n'komwe kumachokera kuti?

Kumachokera ku injini. Ndege ikaima kumayambiriro kwa msewu wake, woyendetsa amayamba wakweza mphamvu pang'ono, nayembekeza kuti injini zonse ziwiri zifanane, kuopa kuti ina ingapose inzake ndi kupotoza ndege. Zikafanana, apo ndipo amatsegula mphamvu yonyamukira, ndipo pamenepo ndi pamene munthu amamva msana wake ukukanikizika kumpando. Injini ya CFM56 imene ili pa Boeing 737-800 ili ndi fani kutsogolo kwake, yotambalala mita imodzi ndi theka, ya mipeni 24, imene pa mphamvu yonse imazungulira maulendo oposa 5,000 pa mphindi imodzi, kotero kuti nsonga za mipeniyo zimapitirira liwiro la mawu; ndicho chifukwa chake okhala kutsogolo kwa phiko amamva kulira kokhakhala kumene kumazilala ndege ikakwera.

Iye amene anagwirapo ntchito mufakitale ya tiyi, kaya ku Satemwa kaya ku Naming'omba, sadzavutika kumvetsa nkhani imeneyi, pakuti adziwa mafani aakulu amene amauzira mphepo pansi pa masamba kuti afote. Adziwa kuti fani yabwinobwino ikamazungulira, chipinda chonse chimanthunthumira mosalekeza ndi mofanana, ndipo palibe amene amatembenuka. Koma mpeni umodzi ukapindika, kapena litsiro likaunjikana mbali imodzi, kaliridwe kamasintha, chitsulo chimayamba kugunda, ndipo kapitawo wozolowera amazindikira ali pakhomo. Momwemonso ndi injini ya ndege. Palibe chozungulira chimene anthu anachipanga cholemera mofanana ndendende mbali zonse, ndipo kusiyana kochepa kumene kutsala amakaniko amakuchepetsa pomangirira tizitsulo ting'onoting'ono kumbali yopepuka. Pa injini iliyonse palinso zida zoyeza kunjenjemera, zimene zimaonetsa nambala pamaso pa oyendetsa nthawi zonse, kuti asadalire khutu lokha.

Kampani ya Malawi Airlines, imene inakhazikitsidwa mu 2013 Air Malawi itatha, boma lathu likutenga magawo 51 pa 100 alionse ndi Ethiopian Airlines magawo 49, yanyamula anthu pa Boeing 737 ndiponso pa ndege yocheperapo ya Q400, ndipo amene anakwera zonse ziwiri amachitira umboni kuti kanjenjemeredwe kake n'kosiyana. Q400 imayenda ndi mapulopela awiri a mipeni 6, otambalala mamita 4, amene ponyamuka amazungulira maulendo 1,020 pa mphindi. Mpeni uliwonse ukamadutsa pafupi ndi thunthu la ndege umaponya mphepo pakhoma lake, ndipo khomalo limayankha ndi kung'ung'udza. Anzeru a ku Canada amene anaipanga anaika m'makoma ake tizida timene timanjenjemera motsutsana ndi mapulopela, kuti kugwedeza kwina kuphe kunzake. Koma ngakhale zili chomwecho, wokhala pampando woyang'anizana ndi pulopela adzamvabe zambiri kuposa wokhala kumbuyo.

Pamene ndege ili kuthamanga pamamveka kugunda pansi pa mapazi. Kodi msewu wa ndege suli wosalala?

Uli wosalala poyerekeza ndi misewu yathu, koma pa liwiro lotere palibe chosalala. Msewu waukulu wa pa Chileka, umene utalika makilomita awiri ndi pang'ono, umapsa ndi dzuwa la Okutobala, numenyedwa ndi mvula ya Januwale, nulandira matani ambirimbiri a ndege zotera, ndipo phula lotere silingalephere kukhala ndi zigamba, molumikiza ndi motsika pang'ono. Mu 2019 unatsekedwa kwa miyezi ingapo kuti ukonzedwe, monga ichitikira misewu ya ndege m'maiko onse. Pa mabwalo aakulu, monga la O. R. Tambo ku Johannesburg, pakati penipeni pa msewu anakwiriramo nyale zotsogolera ndege usiku ndi pa nkhungu, zotundumuka pang'ono pamwamba pa phula. Tayala lakutsogolo likamaziponda pamamveka du, du, du, kuyamba pang'onopang'ono ndi kunka kufulumira, ndipo kugunda kumeneko kungosonyeza kuti woyendetsa walunjika pakati pa msewu.

Matayala nawonso ali ndi mbali yawo. Amawapopa mpweya wa nayitrojeni molimba pafupifupi maulendo 6 kuposa tayala la galimoto, chotero safewetsa mabampu kwenikweni. Zogwirizira zake zinapangidwa makamaka kuti zilandire kulemera kwa ndege potera, osati kuti zisangalatse okwera pothamanga. Ndege ikatsala pang'ono kudzuka, matayala aakulu a Boeing 737 amazungulira maulendo pafupifupi 20 pa sekondi imodzi, ang'onoang'ono akutsogolo oposa 30. Tsono tayala likakhala kuti linadyeka mbali imodzi potera ulendo wapitawo, kapena lakhalitsa malo amodzi usiku wonse litasenza katundu, kusiyana kochepako kumakula ndi liwiro, nikumveka m'ndege monse. Nthawi zina tayala lakutsogolo limapukusa uku ndi uku mofulumira, makamaka zogwirizira zake zikayamba kukhwepa. Oyendetsa akamva zotere amalemba m'buku la ndege, ndipo amakaniko amayenera kuyankha zolembedwazo ndi kusainira.

Chifukwa ninji kunjenjemera kumapitirira ndege itachoka kale pansi?

Funso limeneli ndilo limasautsa anthu ambiri, pakuti munthu amayembekeza kuti matayala akasiyana ndi nthaka pakhala bata, koma m'malo mwake amamva kugwedeza kwina, ndi kugunda, ndi kulira kwa makina pansi pa mpando. Choyamba n'chakuti matayala saleka kuzungulira pompo. Amazungulirabe m'malere ndi liwiro lomwe lija, ndipo popeza tsopano palibe nthaka yowagwira, tayala lililonse losalingana bwino limagwedeza mwendo wake momasuka. Woyendetsa akakweza chogwirira cha miyendo, mabuleki amagwira okha matayala aakulu asanalowe m'malo mwake. Koma akutsogolo alibe mabuleki, chotero pa Boeing 737 amakakhudzana ndi zidutswa zimene anaziika dala kudenga la chipinda chawo, ndipo okhala kutsogolo amamva kukwecha kwa masekondi owerengeka kufikira matayala ataima. Kugunda kumene kumatsatira ndiko kwa miyendo ikukhoma m'zokowera zake ndi kwa zitseko zikutsekeka.

Chachiwiri ndi mapiko. Ponyamuka, phiko limakhala litatambasula zigawo zake zakutsogolo ndi zakumbuyo, zimene amisiri amazitcha slats ndi flaps, kuti likule ndi kupindika, linyamule ndege liwiro lisanachuluke. Koma mphepo ikamadutsa m'mipata ya zigawozi ndi pa miyendo yolendewera imasokonezeka, nimenya thunthu ndi mchira, ndipo kumenyako kumamveka ngati kunjenjemera kosalekeza. Ndege ikakwera ndi kuonjeza liwiro, zigawozo amazibweza pang'onopang'ono, ndipo wokhala pazenera akhoza kuona ndi maso ake kuti phiko likamachepa, bata nalonso likubwera.

Pali chinthu chachitatu chimene sichili kunjenjemera kwenikweni, koma chaliritsa anthu ambiri: patapita mphindi imodzi kapena ziwiri, phokoso la injini limatsika mwadzidzidzi, mphuno ya ndege iwerama pang'ono, ndipo m'mimba mumamveka ngati ndege ikugwa. Sikugwa ayi. Injini siziloledwa kukhala pa mphamvu yonyamukira koposa mphindi zowerengeka, chotero woyendetsa amazibweza pa mphamvu yokwerera. Ndege ikukwerabe, koma mosafulumira monga poyamba, ndipo thupi la munthu, limene silinalengedwe ndi choyezera kutalika, limanyengeka.

Kodi nyengo ndi mapiri athu zili ndi mbali pa nkhaniyi?

Inde, ndipo yaikulu. Ife a ku Thyolo tidziwa mwera ndi chiperoni, tidziwanso kamvuluvulu wa m'chilimwe, ndipo tidziwa kuti mphepo siyenda mowongoka pamene pali mapiri. Bwalo la Chileka lili pafupi ndi phiri la Michiru, ndi Ndirande ndi Soche chapatali pang'ono. Mphepo ikawomba modutsa mapiri otere imatsika mbali inayo ili yophwanyikaphwanyika, ndipo ndege yongonyamuka kumene iyenera kupyola m'menemo. Masana a Okutobala ndi Novembala nthaka ikatentha, mpweya wofunda umakwera m'mizati yosaoneka, pamene wozizira ukutsika pambali pake, ndipo ndege yodutsamo imatukulidwa ndi kutsitsidwa mosinthanasinthana kufikira itakwera pamwamba pa chipwirikiticho. N'chifukwa chake ulendo wa m'mamawa umakhala wodekha kuposa wa masana.

Kutentha ndi kukwera kwa malo kumapepukitsanso mpweya, ndipo mu mpweya wopepuka ndege iyenera kuthamanga kwambiri ndi motalika isanadzuke. Chileka ili mamita pafupifupi 780 pamwamba pa nyanja yamchere, bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi oposa 1,200, la Johannesburg pafupifupi 1,700, ndipo la Bole ku Addis Ababa oposa 2,300. Chotero wapaulendo asadabwe poona kuti ku Addis Ababa ndege ichedwa pansi ndi kugunda nthawi yaitali kuposa kwathu kuno. Palinso mphepo yozungulira imene ndege yaikulu imasiya m'mbuyo mwake, imene ikhoza kupendeketsa yaing'ono yoitsatira. Pa chifukwa chimenechi oyang'anira bwalo amaimika yotsatirayo mphindi ziwiri kapena zitatu.

Pano tinene mawu amodzi kwa abale athu amene amadandaula ndege ikachedwa kunyamuka chifukwa cha mvula ya mabingu. Pansi pa mtambo wotere mphepo ikhoza kutembenuka m'kamphindi, nilanda mapiko mphamvu yawo ndege ili pafupi ndi nthaka. Woyendetsa amene akana kunyamuka pa nthawi yotere ayenera kuthokozedwa, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mapiko amaoneka akuvinavina. Kodi sangathyoke?

Anawapanga dala kuti azipindika, pakuti phiko louma gwaa likadalandira nkhonya iliyonse ya mphepo ndi kuipereka yonse kwa okwera. Lamulo la opanga ndege likuti phiko lipirire katundu woposa ndi theka uja wolemetsetsa amene lingakumane naye pa moyo wake wonse. Ndipo mu 2010, poyesa Boeing 787, anakoka mapiko ake m'mwamba mamita oposa 7 osathyoka.

Tsono kunjenjemera koopsa n'kotani, ndipo oyendetsa amatani kukafika?

Kunjenjemera kwa ntchito kumayamba pang'onopang'ono, kumayenda pamodzi ndi liwiro, ndipo kumatha ndege ikabweza miyendo ndi zigawo za mapiko. Koma kwa choipa kumadza modzidzimutsa, kawirikawiri ndi kuphulika, ndi malawi kapena utsi kumbuyo kwa injini, ndi fungo la chopsa m'kati mwa ndege, ndipo sikuleka. Kukhoza kudza tayala likaphulika, kapena mpeni wa fani ukathyoka, kapena mpweya ukasokonezeka m'kati mwa injini nubwerera kutsogolo ndi mkokomo, kapena injini ikameza mbalame. Pa 15 Januwale 2009 ndege ya Airbus A320 itangonyamuka ku New York inalowa m'gulu la atsekwe, injini zonse ziwiri zinafooka, ndipo Kaputeni Chesley Sullenberger anaitsitsira pa mtsinje wa Hudson, anthu onse 155 napulumuka. N'chifukwa chake mabwalo a ndege amapirikitsa mbalame, ndipo okhala m'mphepete mwa bwalo achita bwino kusataya zinyalala zoitana akhwangwala pafupi ndi mpanda.

Ife Amalawi tili ndi bala lathulathu pa nkhani ya kunyamuka kwa ndege, limene okalamba a m'midzi yathu sanaliiwale. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela ya mtundu wa DC-4, yonyamula amuna obwerera kwawo kuchokera kumigodi, inagwa itangonyamuka ku Francistown paulendo wa ku Blantyre, ndipo mwa anthu 84 amene analimo, 78 anamwalira, ochuluka a iwo Amalawi. Kunapezeka kuti mafuta ake anasakanizika ndi mafuta a ndege za jeti, amene afanana ndi palafini, pamene injini zake zinali zoyendera petulo, ndipo Dr. Hastings Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu a kumigodi, kufikira ntchitoyo inayambanso mu 1977. Amuna amenewo anapirira mdima wa pansi pa nthaka, natsala maola owerengeka kuti aone ana awo; ndipo chimene chinawapha sichinali mphepo kapena phiri, koma kusasamala kwa anthu pa ntchito ya pansi. Tikamaona lero wantchito akutapa mafuta pang'ono m'kabotolo ndi kuwayang'anitsitsa, kapena woyendetsa akuzungulira ndege wapansi, kusuzumira m'injini ndi kuyang'ana matayala, tidziwe kuti miyambo imeneyi inagulidwa ndi miyoyo ya anthu.

Oyendetsa sayembekeza kuti choipa chiwapeze osakonzeka. Asananyamuke amawerengera liwiro lina, lotchedwa V1, molingana ndi kulemera kwa ndege, kutentha kwa tsikulo ndi kutalika kwa msewu: vuto lalikulu likadza liwirolo lisanakwane, amaimitsa ndege ndi mabuleki onse; likadza litapitirira, amanyamuka ndithu, pakuti msewu wotsala sukwanira kuimirapo, ndipo ndege iliyonse ya injini ziwiri yonyamula anthu siloledwa kugwira ntchito isanasonyeze kuti ikhoza kukwera ndi injini imodzi, kuzungulira ndi kuteranso. Zimenezi amaziyeserera chaka ndi chaka m'makina ofanizira ndege, pamaso pa owayesa mayeso.

Nanga ine wokwera chabe, ndingachite chiyani?

Mangani lamba molimba m'chiuno, imikani mpando, ikani katundu wolemera pansi pa mpando wa patsogolo panu, werengani mizere ya mipando kufikira pa khomo lotulukira pangozi, ndipo ngati kugwedezeka kumakusautsani, pemphani mpando wa pamwamba pa phiko, pakuti kumchira ndiko kumavina koposa. Koma pali udindo wina woposa izi, umene tifuna kuukhazika pamtima pa owerenga athu.

Pa 8 Januwale 1989 ndege ya Boeing 737-400 ya kampani ya British Midland inanyamuka ku London kunka ku Belfast, ndipo ili m'kati mokwera, mpeni wa fani ya injini ya kumanzere unathyoka, ndege yonse ninjenjemera koopsa, fungo la utsi nilimveka. Oyendetsa, amene pokhala pawo sangathe kuona injini, anaganiza kuti yovuta ndi ya kumanja, naizimitsa, ndipo kaputeni analengeza kwa okwera kuti vuto lili kumanja. Anthu ena okhala kumbuyo anali ataona malawi akutuluka ku injini ya kumanzere, ndipo anadabwa pomva chilengezocho. Koma anakhala chete, poyesa kuti akatswiri adziwa zimene akuchita. Injini yodwalayo inafa ndege ili pafupi kutera, ndipo inagwa m'mphepete mwa msewu waukulu pafupi ndi mudzi wa Kegworth. Mwa anthu 126, anamwalira 47. Kuchokera pamenepo makampani a ndege analimbikitsa kuphunzitsa oyendetsa ndi othandiza okwera kuti aziuzana zimene aona, ndi kumvera zonena za okwera.

Nkhani imeneyi itikhudza ife koposa, pakuti tinaleredwa m'mwambo wa ulemu, wosayankha akuluakulu, wosalankhula pamaso pa bwana. Ndipo mayi wa kwa Nchilamwela amene wakwera ndege koyamba, ataona mafuta akuchucha paphiko, akhoza kudziuza mumtima kuti ine ndine yani kuti ndiphunzitse anthu ophunzira. Ulemu ndi chuma chathu, ndipo sitifuna kuti utayike. Koma makolo omwewo amene anatiphunzitsa ulemu anatinso wakutsina khutu ndi mnansi, ndiponso kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Chotero, bambo ndi mayi, ndege ikamanjenjemera monga tafotokozera m'mayankho oyamba aja, khalani phee, mulimbitsenso mtima wa mnzanu wokhala naye pafupi. Koma mukaona moto, utsi, madzi akuchucha, chitsulo chikulendewera, kapena mukamva chilengezo chosiyana ndi chimene maso anu aona, musakuwe ndi kuopsa anthu, musachitenso manyazi ndi Chingerezi chanu: dinani batani loitanira wothandiza okwera, mumuuze bwinobwino chimene mwaona ndi mbali imene mwachiona, ndipo mumupemphe kuti akauze oyendetsa.